CV Yobwereka Siilembetsa Ntchito

Aliyense amene amadutsa pa Mitundu kapena pa Nathenje m'masabata otsatira kutuluka kwa zotsatira za mayeso a Fomu 4 adaonapo chinthu ichi: anyamata ndi atsikana ovala bwino, aliyense envulopu ya khaki kukhwapa, atandanda pakhonde la kasitolo kamene muli kompyuta imodzi ndi makina a fotokope. Akudikira kuti awalembere CV. Mwini kasitoloko ndi munthu wochangamuka ndipo sataya nthawi. M'kompyuta yakeyo muli CV imodzi imene idalembedwa kalekale ndi munthu amene palibe akumukumbukira. Iye amangofufuta dzina la amene watuluka nalembapo la amene walowa, nasintha chaka chobadwa ndi dzina la sukulu, basi pepala latuluka, ndalama yalowa m'thumba. Mnyamata uja amachoka akumwetulira poganiza kuti wanyamula mbiri yake, pamene chimene wanyamula ndi mbiri ya munthu wina, imenenso anzake makumimakumi anyamula.

Ife sitikudzudzula otaipa aja, pakuti iwonso akusaka chakudya cha ana awo, ndipo amapereka chimene wapempha. Nkhani yathu ili pa pepalalo, ndi chimene chimalichitikira likafika kumene likupita.

Chaka china ndidapemphedwa kukhala nawo m'kagulu ka anthu atatu kosankha oti aitanidwe ku intaviyu pamalo ena amene sindiwatchula. Ntchito idali imodzi yokha, ya kalaliki wosunga katundu. Makalata amene adabwera adadzaza makatoni awiri, ndipo ife tidapatsidwa tsiku limodzi lokha kuti tipeze mayina asanu. Ndidayamba m'mawa ndili ndi mtima wachifundo wa mphunzitsi, kuwerenga mzere uliwonse monga ndimachitira ndi zimangirizo za ana anga a m'kalasi. Dzuwa lisanafike paliwombo chifundo chija chidali chitatha. Ndidapeza kuti ndikuwerenga pepala limodzi lomwelo mobwerezabwereza. Onse adali olimbikira ntchito, onse adali odziwa kugwira ntchito ndi anzawo, onse adali otha kugwira ntchito popanda wowayang'anira, ndipo onse, mopanda kuphonya ndi mmodzi yemwe, ankakonda kuwerenga mabuku a nthano, kuonera mpira ndi kupeza abwenzi atsopano. Ngakhale mawu amodzi amene adalembedwa molakwika m'chiganizo choyamba adali olakwika mofanana m'makalata ambirimbiri. Mtsikana wina, Mulungu amuthandize, pepala lake lidanena kuti iye ndi mwamuna, chifukwa amene adali patsogolo pake pamzere kwa otaipa adali mnyamata. Wina kalata yake idalunjika kwa mkulu wa bungwe lina, ndipo idapempha ntchito ina imene ife sitidalengeze.

Tisanapite patali tiyenera kunena chilungamo, kuopa kuti achinyamata angatiyese anthu okhuta oseka anjala. Ntchito m'dziko muno n'zochepa zedi poyerekeza ndi ozifuna. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti a Malawi tidali oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la chiwerengerochi adali ana osafika zaka 18; anawo akukula, ndipo chaka ndi chaka masukulu akuwatulutsa. Ambiri tikukumbukira zimene zidachitika mu June 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo udaitana ofuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kuti angofika okha ku intaviyu: kudasonkhana chinamtindi cha achinyamata, kotero kuti ku Mzuzu ena adavulala popanikizana. Tikudziwanso kuti malo ena amalengezedwa mu nyuzipepala mwamwambo chabe, mwini wake atapezeka kale, mphwake wa bwana kapena mlamu wa wina. Pepala lokonzedwa bwino silichiza matenda amenewa. Komabe si malo onse amene amagulitsidwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mwana akudzichotsa yekha pa mpikisano umene ukadayenda mwachilungamo, kenaka n'kumauza makolo ake kuti adamukondera.

Agogo athu sadadziwe vuto limeneli. Mnyamata wofuna kupita ku migodi ya ku Joni m'masiku a Wenela ankapita yekha ndi thupi lake. Ankamuyeza pasikelo, dokotala namupima m'chifuwa, nadinda chala papepala. Ulendo umenewu udaimitsidwa mu 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown ndi kupha a Malawi oposa 70 obwerera kumudzi, ndipo ngakhale udayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, udathera mu 1988. Masiku amenewo thupi la munthu ndilo lidali kalata yake. Lero pepala ndilo limatsogola, mwini wake natsala kumudzi, ndipo likakanika kumuyankhulira, palibe amene adzaone nkhope yake kapena kumva nzeru zake. Mawu akuti CV ndi chidule cha mawu a Chilatini akuti curriculum vitae, kutanthauza njira imene moyo wa munthu wayenda. Tsono njira ya moyo ingabwerekedwe bwanji?

Wachinyamata ayenera kumvetsa m'mene munthu wokhala pakati pa makatoni awiri amaganizira. Iyeyo poyamba sasaka munthu woti amulembe ntchito. Amasaka chifukwa chochepetsera mulu. Chilengezo cha ntchito ndicho sefa yake. Ngati chilengezo chati MSCE yokhala ndi kirediti pa Masamu ndi Chingerezi, iye amayang'ana manambala awiri okha, ndipo pa magiredi a MANEB kirediti imathera pa 6. Amene ali ndi 7 kapena 8 adakhoza ndithu, koma sefa imeneyi sadutsa. Amene wangolemba kuti ali ndi MSCE osatchula maphunziro ndi magiredi ake amaikidwa pambali, chifukwa palibe amene ali ndi nthawi yomufunsa. Ngati chilengezo chati makope a masatifiketi akhale otsimikizidwa ndi chidindo, kope yopanda chidindo ndi chifukwa chokwanira. Ngati chati tsiku lotsekera ndi Lachisanu, kalata ya Lolemba siitsegulidwa n'komwe. Izi n'zapafupi, ndipo sitichedwapo. Tingoti chilengezo chiwerengedwe kawiri kapena katatu, cholembera chili m'manja, munthu asanapite kwa otaipa.

Chimene chidandiwawa koposa tsiku lija ndi china. Pa gawo lofotokoza ntchito zimene munthu adagwirapo, ambiri adalemba kuti palibe, ena adangosiya mpata woyera. Koma ana amenewa ndikuwadziwa, kapena ndikudziwa ofanana nawo, pakuti ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Mwana wa dera la Mitundu kapena Nathenje amene wafika zaka 20 wagwira kale ntchito zambiri kuposa mwana wa m'tauni wa msinkhu womwewo. Adayang'anirapo nazale ya fodya kuyambira kufesa mpaka kuwokera. Adasankhapo fodya m'chigafa molingana ndi mtundu ndi utali wa tsamba, nathandiza kudinda mabelo opita ku okushoni ku Kanengo. Adakhalapo pasikelo nyengo yokolola kugula soya ndi mtedza m'malo mwa amalume ake, kulemba makilogalamu m'kope ndi kuwerengera ndalama madzulo osasowa ndi tambala yomwe. Atsikana ambiri ndiwo alembi a magulu a banki mkhonde a amayi awo, chifukwa ndiwo odziwa kulemba. Amasunga buku la masheya, la ngongole ndi la chiwongoladzanja, ndipo pakutha pa chaka amagawa ndalama pamaso pa amayi okhwima maso amene sangalole kulakwitsa ngakhale pang'ono. Ena adagwirapo ntchito pa kauntala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ena adaphunzitsapo ana pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi, ena ndi asungichuma a kwaya kapena a gulu la achinyamata kumpingo.

Zonsezi mwana wathu amazibisa. Adaphunzira, kaya kwa yani, kuti ntchito ndi yokhayo ya mu ofesi, ya tayi ndi malipiro a pamwezi, ndipo kuti za kumunda ndi za kumsika n'zochititsa manyazi pamaso pa mabwana. Choncho amataya chuma chake chenicheni natola mawu okongola a Chingerezi amene sanena kanthu. Koma taganizani: ife tinkafuna munthu wosunga katundu, ndiye kuti munthu wodziwa kuwerengera, wosamala zolemba, ndi wokhulupirika pa zinthu za eni. Kodi angatikhutiritse ndani, amene akuti ndi wolimbikira ndi wokhulupirika, kapena amene akuti kwa zaka ziwiri adasunga mabuku a gulu la banki mkhonde la amayi 25, ndipo wapampando wa gululo angathe kufunsidwa pa nambala yakutiyakuti? Woyambayo akudzitama; wachiwiriyo akupereka umboni. Mawu akuti wolimbikira aliyense angathe kulemba, ngakhale mlesi wotheratu, n'chifukwa chake wowerenga amangowalumpha. Chimene chimaimitsa diso lake ndi chinthu chokhala ndi malo, nthawi, chiwerengero ndi mboni.

Pano pali phunziro kwa a dera lino makamaka. Pafupi ndi Mitundu pali Bunda, imene kuyambira mu 2012 ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ndipo chaka chilichonse imatulutsa achinyamata a madipuloma ndi madigiri. Ntchito zikasowa, ena mwa iwowa amafunsira malo omwewo amene wa MSCE akufuna. Wa Fomu 4 akaona zimenezi amagwa mphwayi. Koma wolemba ntchito wanzeru amadziwa kuti wa digiri pa ntchito yaing'ono amakhala diso lili kunjira, ndipo tsiku lililonse angathe kutsanzika. Chimene wa MSCE angapambane nacho si mapepala, koma kusonyeza kuti ntchito ya mtundu umenewo adaigwirapo ndi manja ake ndiponso kuti deralo akulidziwa. Akabisa zimenezi watsala ndi chiyani?

Vuto lina limene limagwetsa ambiri mwakachetechete ndi la mayina. Kuno kwathu munthu mmodzi angathe kukhala ndi dzina la bambo ake, la agogo amene adamulera, la mfunda, ndi la ubatizo. Enanso, tinene mosabisa, adasintha dzina kapena chaka chobadwa pobwereza Sitandade 8 pofuna mwayi wosankhidwa. Kale zimenezi zinkadutsa. Koma chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika wa bungwe la NRB mu 2017, wolemba ntchito amaika pamodzi chiphaso, satifiketi ndi CV. Akapeza kuti pa satifiketi pali dzina lina, pa chiphaso lina, ndipo zaka zikusiyana, saganiza za mbiri ya banja lanu. Amaganiza kuti satifiketiyo ndi ya mbale wanu. Amene ali ndi vuto limeneli asadikire kuti chilengezo chituluke. Apite msanga kwa majisitireti kapena kwa loya akalumbire kalata yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, afunsenso ku ofesi ya NRB za kukonza zolakwika, ndipo pa CV alembe dzina monga momwe lilili pa satifiketi, chilembo ndi chilembo.

Za bodza tinena mwachidule chifukwa n'zodziwika. Kusintha 8 kuti aoneke ngati 3 pa fotokope ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo MANEB imasunga zotsatira zonse. Bungwe lililonse lofuna kutsimikiza limafunsa kumeneko. Koma pali timabodza ting'onoting'ono timene timabwera ndi CV yobwereka mwini wake osadziwa. Pepala likuti amadziwa kompyuta, pamene iye sadagwirepo. Likuti amakonda kuwerenga mabuku. Pa intaviyu akamufunsa buku limene wawerenga posachedwa, iye kukamwa yasa. Kuyambira pamenepo ofunsa sakhulupiriranso china chilichonse cha papepalapo, ngakhale zimene zili zoona.

Ndiye pali nkhani ya mboni ndi lamya. Mwa mayina asanu amene tidasankha tsiku lija, mmodzi sitidamupeze. Tidaimba nambala yake masiku awiri, foni ili chizimire. Mwina idali kotchajitsa pa sitolo, mwina simukhadi adaitaya kalekale. Keyala imene adalemba idali ya sukulu ya pulayimale ya kwawo, kumene kalata ikadagona mpaka tsiku la intaviyu litadutsa. Tidatenga wachisanu ndi chimodzi. Mnyamata ameneyo mpaka lero sadziwa kuti adasankhidwa, ndipo ndikhulupirira kuti amauza anzake kuti popanda wachibale sungapeze ntchito. Kulemba manambala awiri, yako ndi ya munthu wina wodalirika amene foni yake sizima, sikudya ndalama. Chimodzimodzinso mboni. Achinyamata amakonda kulemba mayina a anthu otchuka, phungu wa Nyumba ya Malamulo kapena mkulu wina wa ku Capital Hill, amene sadawapemphe n'komwe. Munthu wotere akaimbiridwa amayankha kuti dzinalo sakulidziwa, ndipo nkhani yathera pomwepo. Mphunzitsi amene adakuphunzitsa zaka zinayi, mbusa kapena shehe amene amakudziwa, mwini sitolo amene udamugwirira ganyu, awa ndiwo mboni zenizeni, bola uwapemphe kaye ndi kuwauza ntchito imene wafunsira. Ine ndemwe ndidaimbiridwapo za mwana amene adandilemba osandiuza. Ndidachita kufunsa kawiri kuti akunena uti, ndipo ndikudziwa kuti kukayika kwangako sikudamuthandize.

Masiku ano mabungwe ambiri akufuna makalata pa imelo kapena pa intaneti, ndipo makampani akuluakulu a kunja amayamba asefa ndi kompyuta munthu asanawerenge. Njira yasintha koma matenda ndi omwewo. Wina amajambula mapepala ake ndi foni ali pamphasa, chala chikuoneka pakona, natumiza zithunzi zisanu ndi zitatu zosalongosoka m'malo mwa fayilo imodzi ya PDF. Wina keyala yake ya imelo ndi dzina lachibwana limene adadzipatsa ali Fomu 2. Ndipo chiyambire kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT idatulukira, kwabwera wotaipa watsopano woposa wa pa Mitundu uja: amalemba Chingerezi chosalala ngati cha bishopu, koma za banki mkhonde ya amayi anu sazidziwa pokhapokha mutamuuza. Kalata yotere ikafika pamodzi ndi satifiketi yosonyeza 8 pa Chingerezi, wowerenga amadziwiratu kuti mwini kalata si ameneyu. Chipangizochi chingathandize kukonza galamala ya zimene mwalemba nokha, koma chikakulemberani zonse mwabwereranso ku CV yobwereka. Tichenjezenso pano kuti chilengezo cha pa WhatsApp kapena Facebook chimene chikuti mutumize ndalama kuti dzina lanu lilowe pamndandanda ndi cha akuba. Ntchito yeniyeni siyamba ndi kulipira.

Tsopano titembenukire kwa ife aphunzitsi, pakuti gawo lalikulu la mlanduwu ndi lathu. Timaphunzitsa kalembedwe ka kalata pa phunziro la Chingerezi, inde, koma timaphunzitsa kuti mwana akapeze malikisi: keyala kumanja, tsiku pansi pake, malonje, mutu, mawu otsekera. Ndife tidawazoloweza kuloweza chitsanzo chimodzi ndi kuchibwereza, ndiye tidabwa chiyani akakachita zomwezo kwa otaipa? Ndiponso ndife, ndi mawu athu a m'kalasi, amene tidawauza kuti akalephera adzakhala alimi, ngati kuti ulimi ndi chilango. Mwana amene wamva zimenezi zaka zinayi sangalembe pa CV yake kuti adasamalira dimba la tomato ndi kulipira yekha fizi. Timaika mtima wonse pa ochepa amene adzapite ku yunivesite, pamene ambiri a m'kalasimo, makamaka m'masukulu a CDSS, akatuluka pachipata amalunjika kukasaka ntchito, kapena malo m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kumenenso amafuna mapepala olongosoka.

Chimene tikupempha sichifuna ndalama za boma kapena kusintha silabasi. Mphunzitsi wa Chingerezi kapena wa Life Skills apatule mapiriyodi awiri kapena atatu mu Fomu 4. Abweretse zilengezo zenizeni zodula mu nyuzipepala. Mwana aliyense alembe ndi dzanja, m'Chichewa poyamba ngati n'kofunika, ntchito iliyonse imene adagwirapo chiyambire, kuti, liti, kwa yani, ndipo zinthu kapena ndalama zake zidali zochuluka bwanji. Kenaka asankhe zokhazo zogwirizana ndi chilengezo chimene wapatsidwa, aziike m'Chingerezi chapafupi pa tsamba limodzi kapena awiri, zaposachedwa pamwamba. Akatero asinthane mapepala, ndipo gulu lina likhale olemba ntchito, lipatsidwe mphindi khumi zokha kuti lisankhe atatu mwa makumi anayi. Ndidayesapo zimenezi ndi kalasi langa, ndipo ana amene adakhala pampando wa bwana adali ankhanza kuposa ife a makatoni aja. Adataya pepala la mnzawo wapamtima chifukwa sadalembe magiredi. Mphunzitsi wamkulu nayenso aonetsetse kuti mayina amene akupita ku MANEB polembetsa mayeso akufanana ndi a pa chiphaso kapena kalata ya kubadwa, ndipo kalata ya umboni imene sukulu ipereka inene za mwanayo, osati chiganizo chimodzi chomwecho kwa ana onse, poti nafenso tili ndi CV yathu yobwereka m'kabati ya ofesi.

Kwa otaipa munthu apite atanyamula zolemba zake, akhale pambali pa kompyuta, ndipo awerenge pepala lonse asanalipire. Ntchito ina ikalengezedwa, abwererenso akasinthe, chifukwa pepala lofunsira ukalaliki si lofunsira ulonda kapena ulangizi.

Mwina owerenga afuna kudziwa kuti ntchito ija adaitenga ndani. Adali mtsikana wochokera m'mudzi wina wa kufupi ndi Nathenje, wa mapointi osadabwitsa konse. CV yake idali ya tsamba limodzi, ndipo Chingerezi chake chidali ndi zilema ziwiri kapena zitatu zimene ine monga mphunzitsi ndidaziona msanga. Koma adalemba kuti kwa nyengo zitatu zokolola adagwira sikelo ndi kusunga buku la matumba pa malo ogulira mbewu, natchula mwini malowo ndi nambala yake. Tidaimba. Bamboyo adayankha ali pa njinga, mphepo ikusokosa, ndipo titatchula dzina la mtsikanayo adatifunsa ngati tikufuna kumulanda kalaliki wake.